Bondo likupweteka, miyendo ikulemera: ndisiye kuthamanga kapena ndipitirize?

Tiyamike:
Moni nonse a pagulu pano. Ndine watsopano pa zothamanga ndipo ndabwera ndi nkhawa. Ndinayamba mwezi wathawu, m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito. Poyamba mpweya ndi umene unkandithera, koma pano chifuwa chazolowera, ndikutha kuthamanga mphindi 25 osaima. Chimene chabuka ndi bondo lakumanja. Likupweteka kutsogolo, kuzungulira kafupa kapamwamba kaja, makamaka ndikamatsika masitepe kapena ndikamadzuka pampando nditakhala nthawi yaitali. Silinatupe ayi. Chachiwiri, miyendo yonse iwiri ikumalemera ngati ndamangirira miyala, ngakhale pongoyamba kumene. Ndili ndi zaka 34. Kodi zimenezi zimatha zokha, kapena thupi langali si lothamangira?

Mavuto87:
Achemwali, siyani kukadali m'mawa. Kuthamanga kumatha mawondo, mudzavutika ndi nyamakazi mukadzakula. Muzingoyenda ndawala, ndi masewera okwanira amenewo.

Limbani:
A Mavuto, mawu amenewa amabwezera anthu ambiri m'mbuyo, ndipo umboni umene ulipo sukugwirizana nawo. Mu 2017 akatswiri anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wokhudza anthu oposa 100,000, kufuna kuona za nyamakazi ya m'mawondo ndi m'chiuno. Mwa othamanga pofuna thanzi chabe, opezeka ndi nyamakaziyo anali 3.5 pa 100 alionse. Mwa anthu osachita masewera anali 10.2. Amene anapitirira onse ndi akatswiri a mipikisano, othamanga mitunda yaitali kwambiri kwa zaka zambiri, 13.3. A Tiyamike ndi mphindi zawo 25 sali m'gulu lomalizali.

Mavuto87:
Nanga si oti mawondo awo ndi ovuta amasiya msanga kuthamanga, ndiye otsalawo amaoneka ngati athanzi?

Limbani:
Funso limenelo ndi lomveka, ndipo n'chifukwa chake sindikunena kuti kuthamanga kumachiza bondo. Ndikungoti sitingauze munthu kuti kuthamanga pang'ono kumupundula. Kupweteka kumene akunena achemwaliwa kwabwera m'masabata ochepa, pomwe nyamakazi imatenga zaka.

Wamafizo:
A Tiyamike, takulandirani. Ine ntchito yanga ndi ya mafizo ndipo mawondo ngati anuwa ndimakumana nawo pafupipafupi. Sindingakuyezeni pafoni, koma mmene mwafotokozeramu, kupweteka kutsogolo, potsika masitepe, podzuka pampando, popanda kutupa, zikufanana kwambiri ndi chimene othamanga amachitcha runner's knee.

Kafupa kapamwamba pa bondo kaja kamatsetsereka m'kangalande ka fupa la ntchafu nthawi iliyonse mukapinda ndi kuwongola mwendo. Pothamanga, phazi likagunda pansi, mwendo umodzi wokha umalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lanu kawiri mpaka katatu. Pa mphindi imodzi mapazi amagunda pansi ka 150 kapena kuposerapo. Ndiye tawerengerani mphindi 25, tsiku ndi tsiku, popanda tsiku lopuma.

Pamene pagona nkhani ndi apa. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, m'masabata ochepa chabe. Minofu imatsatira pambuyo. Koma mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa, chicherewecherewe cha m'bondo ndi mafupa enieniwo zimafuna miyezi kuti zilimbe. Mpweya ukakulolani kuthamanga mphindi 25, mumaona ngati thupi lonse lavomera, chonsecho bondo likadali m'mbuyo. Oyamba kumene ambiri amavulala nthawi imene ayamba kumva kukoma, osati sabata yoyamba.

Ndikufunseni zinthu zingapo. Bondolo linayamba mutagwa kapena kupotokola mwendo? Limakakamira osafuna kuwongoka? Limafooka mwadzidzidzi ngati mugwa? Limakudzutsani usiku? Ndipo njira imene mumathamangamo ili ndi mtsetse?

Tiyamike:
Zikomo kwambiri amayi. Sindinagwe, linangoyamba pang'onopang'ono. Silikakamira, silifooka, usiku ndimagona bwinobwino. Mtsetse ulipo wautali ndithu pobwerera, ndipo ndi pamene ndimathamanga kwambiri chifukwa sindimatopa.

Wamafizo:
Mayankho amenewa andikhazika mtima pansi. Mtsetsewo ndiye uyambe kuchoka. Potsika, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki, ndipo kafupa kaja kamapanikizika kwambiri kuposa pamalo athyathyathya. Kwa panopa muziutsika poyenda.

Kusiyiratu sindikukulangizani. Bondo lotere likangopumitsidwa limaleka kupweteka, koma mukabwerera mmene munkachitira ululu umabweranso, chifukwa palibe chimene chasintha. Chofunika ndi kuchepetsa katundu mpaka pamene bondo lingakwanitse, kenako kuwonjezera pang'onopang'ono. Muzithamanga masiku atatu pa sabata, pakati pake pazikhala tsiku lopuma. Muzisakaniza kuthamanga ndi kuyenda. Ululu muziupatsa nambala, 0 kutanthauza kuti palibe, 10 kutanthauza wosapiririka. Ukakhala pa 3 kutsika m'munsi, osakula pamene mukuthamanga, osakutsimphinitsani, ndipo pofika mawa lake wabwerera mwakale, pitirizani. Ukapyola pamenepo ndiye kuti mwachulutsa, ulendo wotsatira muchepetse.

Kenako mafizo, ndipo apa ndi pamene ambiri amachita ulesi chifukwa sipasangalatsa ngati kuthamanga. Bondo limayendetsedwa ndi ntchafu komanso minofu ya m'matako ndi m'mbali mwa chiuno. Imeneyi ikakhala yofooka, bondo limagwera mkati phazi likamaponda. Mutha kudziona nokha pagalasi: imani ndi mwendo umodzi, pindani bondo pang'ono, muone ngati likuloza ku zala kapena likukhotera ku mwendo winawo. Pofuna kulimbitsa, gonani chagada mawondo opinda, n'kumakweza matako mpaka thupi liwongoke. Gonani chammbali n'kumakweza mwendo wapamwamba uli wowongoka, chidendene chitsogole. Khalani pampando n'kumadzuka osagwira pena paliponse, pokhalanso muzitsika mwapang'onopang'ono. Kwerani sitepe yaifupi ndi mwendo umodzi n'kutsika modekha. Chilichonse ka 10 mpaka 12, kubwereza katatu, masiku awiri kapena atatu pa sabata. Musayembekezere kusintha pakutha pa masiku atatu. Ambiri amayamba kumva kusiyana pakadutsa masabata 6, ena mpaka 12.

Chifundo:
Pa nkhani yosakaniza kuyenda ndi kuthamanga, fufuzani ndondomeko ya Couch to 5K. Anaikonza ndi Josh Clark mu 1996, ndipo a zaumoyo ku Britain, a NHS, ali nayo pa intaneti yaulere. Ndi ya masabata 9, katatu pa sabata. Sabata yoyamba mumayenda ndawala mphindi zisanu, kenako kuthamanga masekondi 60 ndi kuyenda masekondi 90, mosinthanasinthana kwa mphindi 20. Pofika sabata yomaliza mumathamanga mphindi 30 osaima. Taonani kuti mphindi 25 zimene inu mwafika m'mwezi umodzi, m'ndondomekoyi zimabwera chakumapeto kwa sabata yachisanu ndi chimodzi, ndiponso si tsiku lililonse.

Tiyamike:
Koma kuyenda pakati pa kuthamanga sikubwerera m'mbuyo? Ndinavutika kuti ndifike pamenepa.

Chifundo:
Simutaya kanthu achemwali. Chifuwa chanu chafika kale, sichibwerera chifukwa choyenda mphindi imodzi. Simukuyenera kuyambira sabata yoyamba, mutha kulowera pa yachitatu kapena yachinayi, malinga ndi mmene bondo liyankhire. Sabata ikakuvutani mumaibwereza, palibe amene akukuthamangitsani.

Kondwani_J:
Za miyendo yolemerazo ndi lactic acid ameneyo, asidi amene minofu imatulutsa ikamagwira ntchito yolemetsa. Amatsalira m'minofu masiku angapo. Muzidzikoka bwinobwino musanayambe ndipo muzimwa madzi ambiri kuti atuluke.

Limbani:
Achimwene, zimenezi tonse tinazimva kusukulu, koma lactic acid sakhalitsa choncho. Pakangotha ola limodzi chabe mutasiya kuthamanga amakhala atabwerera pamlingo wake. Kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera mawa lake kumachokera ku timabala ting'onoting'ono ta mkati mwa mnofu wogwiritsidwa ntchito imene sunazolowere. Kumayamba pakapita maola 12 mpaka 24, kumafika pachimake pakati pa tsiku loyamba ndi lachitatu, kenako kumazilala. Kutsika mtsetse ndi kumene kumakubweretsa kwambiri. Tsono munthu akamathamanga tsiku lililonse, amaunjika kuphwanya kwa lero pamwamba pa kwa dzulo, miyendo siipeza mpata wochira. Kudzikoka nako si koipa, koma kafukufuku wambiri waonetsa kuti sikuchepetsa kwenikweni kuphwanya kumeneku. Kuyamba ndi kuyenda ndawala mphindi zisanu mpaka 10 kumakonzekeretsa thupi bwino kuposa kukoka mnofu wozizira.

Mkulu wa Liwiro:
Ana anga, ine ndathamanga zaka zambiri ndipo ndimathandiza oyamba kumene. Ndisanaone n'komwe mmene mwana wangayu amathamangira, ndikudziwa kuti akufulumira kwambiri. Pafupifupi aliyense woyamba amatero, chifukwa m'maganizo mwake kuthamanga ndi kwa mpikisano wa kusukulu, kopuma wefuwefu. Kuthamanga komanga thupi ndi kumene mungathe kucheza ndi mnzanu, kunena chiganizo chonse osadukiza. Ngati mukutulutsa mawu awiri n'kupuma, chepetsani. Mudzachita manyazi kuti liwiro lake likungofanana ndi munthu woyenda, ndipo ena adzakupitirirani. Alekeni apite. Akatswiri enieni nawonso mbali yaikulu ya mitunda yawo ya pa sabata amaithamanga modekha, liwiro amalisungira masiku ochepa.

Ndiponso mphindi 10 zoyambirira miyendo imakhala yolemera kwa tonsefe, ngakhale ife akale. Magazi amakhala asanayambe kuyenda mokwanira kupita ku minofu, makamaka m'mawa munthu atangodzuka. Chodetsa nkhawa ndi pamene kulemerako sikukuchoka mpaka kumapeto, ulendo uliwonse. Pamenepo dzifunseni za tulo, ngati mukukwanitsa maola 7 kapena 8, ndi za chakudya. Ambiri amayamba kuthamanga ndi kudzimana chakudya nthawi imodzi pofuna kutsitsa sikelo msanga, ndiye miyendo imasowa mafuta oyendera.

Tiyamike:
Abambo, mwalasa. Kulankhula pothamanga sindingathe n'komwe. Chakudya nachonso ndinachepetsa kwambiri, madzulo nthawi zambiri sindidya.

Mkulu wa Liwiro:
Ndiye mwathamanga m'mawa muli ndi njala ya kuyambira masana a dzulo. Bwezeretsani chakudya chamadzulo, makamaka madzulo oti mawa lake mukuthamanga. Thupi lidzatsika ndithu, koma mwa dongosolo.

Mayi a Chikondi:
Ndiwonjezereko chimodzi chimene abambo sangachiganizire msanga. Ine miyendo yanga inkalemera chimodzimodzi, ndinachepetsa liwiro, ndinkapuma mokwanira, koma osasintha. Ndinkatopa ngakhale pokwera masitepe ochepa, chizungulire apo ndi apo, mtima kugunda msanga. Nditayezetsa magazi anapeza kuti ndi ochepa, ayironi anatsika chifukwa cha msambo wochuluka. Atandipatsa mankhwala, patapita masabata angapo miyendo inapepuka. Azimayi amene tikusamba tizikumbukira zimenezi. Ngati kulemerako kukubwera limodzi ndi kutopa kwa tsiku lonse, kutuwa m'zikope ndi m'manja, kapena befu pa ntchito zazing'ono, pitani mukayezetse.

Wamafizo:
Amayi anena zoona. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati magazi achepa hemoglobini, chinthu chonyamula mpweya m'magazi, akatsika pansi pa 12 kwa mayi amene sali woyembekezera, ndi pansi pa 13 kwa bambo. Kumene kuli kotheka pemphaninso kuyeza ferritin, imene imaonetsa ayironi wosungidwa m'thupi, chifukwa amatha kutsika hemoglobini asanatsike. Chokhacho, musayambe kumwa mapiritsi a ayironi musanayezetse. Ayironi wochuluka m'thupi amawononga, ndipo kuchepa kwa magazi kuli ndi zifukwa zina zimene dokotala ayenera kuzifufuza.

Kondwani_J:
Palibe amene watchula nsapato. Ine ndimaona ngati bondo likayamba kuvuta, choyamba n'kusintha nsapato.

Chifundo:
Nsapato zili ndi gawo lake, koma anthu amathamangira kumeneko chifukwa kugula n'kosavuta kuposa kuchita mafizo miyezi iwiri. Chofunika n'chakuti zikhale zothamangira, zikukwaneni, kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wa chala chamanthu chimodzi, ndipo muzimva bwino mukazivala. Zambiri zimatha mphamvu zikayenda makilomita 500 mpaka 800. Ngati zanu zadyeka mbali imodzi kapena zaphwatalala, sinthani. Koma nsapato zatsopano pa munthu wothamanga tsiku lililonse ndi liwiro lonse pamtsetse sizingapulumutse bondo.

Thoko:
Pepani kulowerera. Ine ndimamwa ibuprofen ndisananyamuke ndipo bondo silimveka n'komwe. Mwina zingawathandize.

Wamafizo:
A Thoko, chonde lekani zimenezo, ndikukupemphani ndi mtima wonse. Ululu ndi umene umakuuzani kuti mwafika pamalire. Mukautseka pakamwa mumapitirira malirewo osadziwa, ndipo kavuto kakang'ono kamasanduka kovuta kuchiza. Chachiwiri, mankhwala a mtundu wa ibuprofen ndi diclofenac amachepetsa magazi opita ku impso, ndipo pothamanga, thukuta likutuluka, impso zimakhala kale pa mpanipani. Amathanso kuyambitsa zilonda za m'mimba akamwedwa kawirikawiri, makamaka m'mimba mopanda kanthu. Ngati simungathamange popanda piritsi, bondolo likufunika kuonedwa.

Thoko:
Za impsozo sindinkazidziwa. Langa limapweteka chakunja kwa bondo, osati kutsogolo. Ndikayamba ndimakhala bwinobwino, koma pakapita kanthawi, pafupifupi malo omwewo tsiku lililonse, kumayamba kubaya mpaka ndiime. Ndikayenda kumatha.

Wamafizo:
Limenelo ndi vuto lina, ngakhale kachizidwe kake kakufanana. Pali mtsempha wautali wolimba wochokera m'chiuno kutsika kunja kwa ntchafu mpaka kumunsi kwa bondo, umene amautcha IT band. Bondo likamapindika pang'ono mobwerezabwereza, malo a pansi pake chakunja kwa bondo amayamba kupweteka. Chizindikiro chake ndi chomwe mwanenacho, kubwera pa nthawi yodziwika ndi kukula potsika mtsetse. Muziima ululu usanayambe: ngati umabwera pa mphindi 15, kwa panopa muzilekezera pa 10 kapena 12. Limbitsani minofu ya m'mbali mwa chiuno ndi mafizo ndatchula aja. Ngati mumathamanga m'mphepete mwa msewu wopendekeka, mwendo umodzi umakhala m'munsi nthawi zonse, choncho funani malo osapendekeka.

Poti tafika apa, nditchule zizindikiro zimene sizifuna malangizo a pagulu koma chipatala. Bondo lotupa, lotentha kapena lofiira. Bondo lokakamira kapena lofooka mwadzidzidzi. Kulephera kuponda. Kupweteka pa malo amodzi enieni a fupa, pamsongolo kapena paphazi, oti mutha kuwaloza ndi chala chimodzi ndipo akukulirakulira, chifukwa fupa limatha kuchita mng'alu ndi kuponda mobwerezabwereza. Katumba wa mwendo umodzi akatupa, kutentha ndi kupweteka popanda chifukwa chodziwika, pitani tsiku lomwelo, amatha kukhala magazi oundana mumtsempha. Kupweteka pachifuwa kapena kukomoka pothamanga, musadikire n'komwe. Komanso ngati mwachepetsa, mwachita mafizo masabata 6 koma palibe kusintha, kaonaneni ndi wina akugwireni bondolo ndi manja.

Mavuto87:
Chabwino, ndamva. Nanga lamulo lija loti osawonjezera mtunda kupyola 10 pa 100 sabata iliyonse, ndi lolondola?

Limbani:
Limathandiza kuti munthu asalumphe, koma si lamulo lotsimikizika. Ku Groningen, m'dziko la Netherlands, anayesa mu 2008 pa othamanga oyamba kumene oposa 500. Gulu lina linatsata ndondomeko ya masabata 13 yowonjezera 10 pa 100, lina ya masabata 8 yofulumirirapo. M'magulu onse awiri wovulala anali pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse. Ine ndimatengapo kuti nambala yokha siiteteza munthu, muyenera kumvanso thupi. Ndipo musawonjezere zinthu ziwiri nthawi imodzi. Sabata imene mwatalikitsa mtunda musawonjezere liwiro kapena zitunda.

Mkulu wa Liwiro:
Chinanso chaulere chimene chimapepuza bondo ndi kufupikitsa mapazi. Oyamba ambiri amatambasula mwendo kutali kutsogolo, chidendene n'kugunda pansi bondo lili lowongoka, ndipo kugunda konseko kumakwera ku bondo. Werengani kuti phazi lakumanja likuponda kangati pa masekondi 30, muchulukitse kanayi. Mwina mupeza 150 kapena 160. Mudzamva anthu akunena kuti aliyense azifika 180, koma nambala imeneyo inachokera kwa mphunzitsi Jack Daniels amene anawerenga mapazi a akatswiri pa Olimpiki ya 1984 ku Los Angeles, anthu othamanga liwiro la mpikisano. Inu mungowonjezera 5 mpaka 10 pa 100 pa nambala yanu, liwiro likhale lomwelo. Wa 156 ayese 164. Mapazi aziponda pafupi ndi pansi pa thupi, ndipo muzimva phokoso lake likuchepa.

Tiyamike:
Ndalemba zonse. Ndiyamba ndi masiku atatu, mtsetse ndiziyenda, mafizo ndiyamba madzulo ano, ndipo magazi ndikayezetsa chifukwa kutopa kwa masana ndili nako. Funso lina: masiku opumawo ndizingokhala, kapena nditha kupalasa njinga?

Wamafizo:
Njinga ndi yabwino, kusambira ndi kuyenda nakonso. Zimasunga mtima pa ntchito popanda kugunda pansi. Panjinga samalani chishalo. Chikakhala chotsika bondo limapindika kwambiri ndipo kafupa kaja kamapanikizika, ululu womwewo umabwera. Chikwezeni mpaka pamene phazi likafika pansi penipeni pa kupalasa, bondo litsale lopindika pang'ono chabe. Gwiritsani giya yopepuka, miyendo izizungulira msanga m'malo mokankha mwamphamvu, ndipo zitunda zazitali muzizipewa kaye. Pa sabata pakhalebe tsiku limodzi lopanda chilichonse cholemetsa miyendo.

Thoko:
Nanga mafizowo ndizichita tsiku lothamanga kapena lopuma?

Wamafizo:
Zonse zimatheka. Ngati ndi tsiku lothamanga, yambani kuthamanga, mafizo abwere pambuyo, kuti musathamange ndi chiuno chotopa kale. Inuyo a Thoko yambani ndi aja ogona chammbali ndi okweza matako. Okwera sitepe muwawonjezere sabata yachiwiri ngati kubaya kuja sikukubwera potsika.